Kuimitsa skateboard m'malere ndi fulashi

Ndikaonetsa anzanga ojambula chithunzi cha mnyamata ali m'malere, skateboard (thabwa la matayala loyendapo munthu ataimirira) ili pansi pa mapazi ake, matayala onse anayi akuoneka bwinobwino mpaka kanati ka pakati, funso lawo limakhala limodzi: "Shutter munaika pa zingati, achimwene?" Amayembekeza kumva 1/4000 ya sekondi. Ndikati 1/200 amaseka, ati ndikuwamana nzeru. Sindikuwamana ayi. Pa chithunzi chotere chimene chimaimitsa munthu si shutter, chitseko cholowetsa kuwala mu kamera, koma fulashi, nyali yothwanima ija.

Ine ndimadyera maukwati, zinkhoswe ndi zithunzi za ziphaso kuno ku Mangochi. Anyamata a skateboard ndimawajambula madzulo ndikaweruka, ndi zida zomwezo za kuukwati: kamera yakale ya DSLR, mafulashi awiri a Godox TT600, ka trigger kawo kowayatsa ali patali, kokhala pamwamba pa kamera, ndi ma stand awiri opepuka. Amene muli ndi Yongnuo YN560 musadandaule, ntchito yake ndi yomweyo. Chofunika ndi chakuti fulashi ichoke pamutu pa kamera, ndiponso kuti mphamvu yake muzisintha nokha pa M. Kanyali ka pafoni kokha ndiye ayi, chifukwa kamayaka nthawi yaitali ndipo sikaimitsa kanthu.

Nyengo ya mvula, mukakhala m'mbali mwa nyanja usiku, ching'aning'ani chikati ng'ani mumaona bwato la asodzi litaima njii pamwamba pa funde, pamene ilo likuyenda. Diso langogwira kanthawi kamene kunawala basi. Kamera nayo ndi chimodzimodzi. Ngati mwaitchera moti popanda fulashi munthu akanatuluka wakuda bii, ndiye kuti imene ilembedwe ndi nthawi yokhayo yomwe fulashi yayaka, ngakhale shutter ikhale yotsegula nthawi yotalikirapo. Harold Edgerton wa ku yunivesite ya MIT, ku America, anajambula chipolopolo chikuboola apozi mu 1964 pogwiritsa nzeru yomweyi: chipinda chamdima ndi kuwala kwa kanthawi kochepetsetsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mnyamata amene akuyenda mamita 4 pa sekondi, kapena kuti makilomita 14 pa ola, amasuntha masentimita 2 pa 1/200 ya sekondi. Masentimita awiri ndi ambiri. Nkhope imachita chimbuuzi, zala zimaphatikana. Koma pa 1/5000 ya sekondi sasuntha ngakhale milimita imodzi. Ndiye funso lenileni ndi lakuti fulashi yanu imayaka nthawi yaitali bwanji.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti kuwonjezera mphamvu ndiye kuimitsa bwino. Zimayenda mosiyana. Mafulashi aang'ono awa a mabatire anayi a AA amachepetsa mphamvu podula nthawi yoyaka. Mwachitsanzo Nikon SB-910 pa mphamvu yonse imayaka pafupifupi 1/880 ya sekondi, pa 1/4 imayaka 1/2550, pa 1/8 ndi 1/5000, pa 1/16 ndi 1/10000. Za makampani ena manambala amasiyanako pang'ono, koma njira ndi yomweyo. Choncho ine sindikweza kupitirira 1/4, ndipo malo anga okhazikika ndi 1/8. Kuwala kukachepa sindikweza mphamvu, ndimasendeza fulashi pafupi. Mukadula mtunda pakati, kuchoka mamita 4 kufika mamita 2, kuwala kofika pa munthu kumachuluka kanayi. Palibe batani pa fulashi lomwe lingakupatseni zimenezo kwaulere.

Nanga bwanji osangokweza shutter kufika 1/2000 ndi fulashi yomwe? Yesani muone: theka la chithunzi kapena kuposa lituluka lakuda. Shutter ya makamera ambiri ili ndi makatani awiri, loyamba limatsegula, lachiwiri limatseka. Kufika 1/200 kapena 1/250, malinga ndi kamera, pamakhala kanthawi kamene sensa yonse, pomwe chithunzi chimalembedwa, ili poyera, ndipo fulashi imayaka pamenepo. Mukapitirira apo, katani lachiwiri limayamba kutseka loyamba lisanamalize kutsegula, fulashi n'kuwalitsa kampata kokha. Ilipo njira ya fulashi yotchedwa HSS yothana ndi vutoli, imene imaphethira mofulumira kwambiri nthawi yonse yomwe kampatako kakudutsa, koma imadya mphamvu koopsa, ndipo pamenepo woimitsa munthu amakhala shutter, osati fulashi. Ine ndimaiona ngati njira ya amene ali ndi mafulashi akuluakulu a batire lawolawo. Kwa ife a TT600, mankhwala otsika mtengo ndi kudikira dzuwa.

Dzuwa la ku Mangochi masana silimenyeka. Pa ISO 100 (ISO ndi muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala) ndi shutter 1/200 limafuna aperture, kukula kwa bowo la lens, ya cha pa f/11, ndipo kuti fulashi yaing'ono ilingane nalo muyenera kuiika pa mphamvu yonse, pafupi kwambiri. Ngakhale mutatero, dzuwa lidzalembabe munthuyo nthawi yonse ya 1/200 ija, ndipo m'mphepete mwa mikono ndi thabwa mudzakhala kachimbuuzi kotsatira. Nthawi yathu ndi pamene dzuwa latsala pang'ono kulowa ndi mphindi 20 kapena kuposerako pang'ono litalowa. Mu June limalowa isanakwane 5:30, mu January limapitirira 6 koloko pang'ono. Kuno chisisira sichichedwa, choncho fikani padakali ola lathunthu, zonse zikhale zoima kale. Dziwaninso kuti kuwala kokoma kwambiri kumafika nthawi imodzi ndi azana ya Magharibi, ndipo ena mwa anyamatawa amanyamula matabwa awo kupita kumzikiti. Gwirizanani msanga: opita kukaswali ayambe ndi iwo dzuwa lisanalowe, enawo pambuyo.

Malo osalala asimenti ndi osowa m'tauni yamchenga ngati ino. Timadalira mabwalo a netball a pasukulu, makonde a masitolo akatseka, ndi masitepe apa ndi apo. Aliyense amalakalaka chithunzi chokhala ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria kumbuyo, kapena mlatho wa Bakili Muluzi ndi mtsinje wa Shire ukufiira, koma pamenepo ndi pamsewu wa magalimoto, akabaza ndi njinga zamoto, ndipo madzulo ndiye pamadzadza. Kuthwanimitsa fulashi m'maso mwa woyendetsa galimoto si masewera. Ine pamsewu sindijambulapo. Pakhonde la eni ake yambani mwapeza alonda: "Madala, tingajambuleko apa pang'ono? Sitichedwa." Ambiri savuta mukawalemekeza, ena mpaka amakugwirirani stand. Tenganinso tsache. Kamwala kamodzi kamaimitsa tayala la skateboard pomwepo, munthu n'kupitirira yekha chamutu.

Tsopano kutchera. Fulashi zizimitseni kaye. Kamera pa M, ISO 200, shutter 1/200, aperture f/8. Jambulani malowo mnyamata ataima pakati. Chimene mukufuna ndi thambo lokhala ndi mtundu wake, kufiira kapena kubiriwira kwakuya, koma munthuyo akhale ngati mthunzi chabe. Akamaoneka bwino nkhope, kuwala kwa chilengedwe kudakali kochuluka: tsitsani ISO kufika 100, kapena pitani pa f/11, kapena dikirani mphindi zisanu. Kukayamba kuda kwambiri moti thambo likutayika, tsitsani shutter kufika 1/125 kapena 1/60. Kumbukirani kuti shutter imasintha thambo lokha, siikhudza kuwala kwa fulashi; aperture ndi ISO zimakhudza zonse ziwiri. Chisisira chikamathamanga, chala chanu chizikhala pa shutter.

Thambo likakhala bwino, yatsani fulashi yoyamba. Ine ndimaiika mamita 2 kuchokera pomwe mnyamata adumphire, chakutsogolo kwake koma cham'mbali, mutu wake utakwera kufika pachifuwa changa, zoom ya fulashiyo (kutambasuka kwa kuwala kwake) pa 35mm, mphamvu 1/8. Pa ISO 200 ndi f/8 zimenezi zimagwa pafupi ndi pomwe mukufuna. Mukafuna kuitalikitsa kufika mamita 3, kwezani pa 1/4. Pa bokosi la fulashi analemba kuti guide number 60, muyeso wa mphamvu yake, koma nambala imeneyo ndi ya zoom ya 200mm, pamene kuwala kwapanikizidwa pakamalo kakang'ono. Mukaitambasula kuti ikwane munthu yense ndi thabwa lake, mphamvu yofika imatsika kwambiri.

Fulashi yachiwiri ndi imene ndimaikonda, ndipo kwa ife ndi yofunika kuposa mmene amanenera ojambula akunja. Khungu lakuda, tsitsi lakuda, buluku lakuda, kumbuyo mtengo wa mango wamdima: munthu amamira, mumangoona malaya akuuluka okha. Ikani yachiwiriyo kumbuyo kwake, moyang'anizana ndi yoyamba, mnyamata akhale pakati pa ziwirizo. Imajambula kamzere kowala m'mphepete mwa mutu, phewa, mkono ndi thabwa, munthu n'kutuluka mumdima. Mphamvu yake ikhale yofanana ndi yoyamba kapena yocheperako. Onetsetsani kuti siikuwalira mu lens mwachindunji. Ibiseni kuseri kwa chipilala, kapena thupi la wodumphayo liiphimbe. Ndipo musamakweze fulashi yakutsogolo pofuna "kuyeretsa" nkhope. Thukuta la mu October limanyezimira, mphumi ndi mphuno zimapsa kukhala zoyera mbee, khungu n'kutaya mtundu wake. Kuwala kochokera cham'mbali kumaumba nkhope bwino kuposa kochuluka. Wovala malaya oyera mumupemphe asinthe ngati angathe, chifukwa malayawo amapsa nkhope isanakwane.

Amene mulibe trigger, mafulashi awa ali ndi S1 ndi S2, zimene zimawayatsa akaona fulashi ina yayaka. S1 imayaka pa kuthwanima koyamba. S2 imadumpha kuthwanima koyesera kumene kamera imatulutsa ikakhala pa TTL, pomwe imadziyezera yokha mphamvu ya fulashi. Madzulo zimagwira, bola kadiso ka fulashi kayang'ane kumene kuli kamera. Padzuwa musazidalire.

Focus musaisiyire kamera. Mumdima imasakasaka, ndipo pofika poti yapeza, munthu watera kale. Ndimachita chonchi:

"Mphwanga, taima pomwe ukhale uli pamwamba penipeni."

"Apa, ankolo."

Ndimalemba pansi ndi khala, ndimachita focus pachifuwa pake, kenako ndimasintha lens kupita pa MF, focus ya pamanja, ndi kumata ka selotepi kuti isasunthe. Pomwepo ndimamuuza akweze manja ndi kudumpha wopanda thabwa, kuti ndione ngati mutu sukutuluka pamwamba pa chithunzi komanso ngati kuwala kukumupeza ali m'mwamba. Fulashi yotcheredwa munthu ataima pansi kawirikawiri imawalitsa miyendo yokha iye akadumpha, choncho ipendeketseni m'mwamba pang'ono. Pa f/8 ndi lens yotambalala, akaphonya chizindikiro ndi phazi limodzi palibe vuto.

Kunena za lens, zithunzi zimene anyamatawa amaziona pa intaneti, za magazini ngati Thrasher yomwe inayamba mu 1981 ku San Francisco, zambiri ndi za lens yotambalala kwambiri yotchedwa fisheye, wojambula atagwada pafupi kwambiri, kamera ili pafupi ndi nthaka. Kutsika pansi kumaonetsa mpata wa pakati pa matayala ndi simenti, ndipo mpata umenewo ndiye nkhani yonse. Ngati muli ndi fisheye ya Samyang 8mm, zili bwino, koma dziwani kuti imaona ponseponse, ma stand anu omwe, ndipo imakukakamizani kukhala mita imodzi kuchokera pa thabwa lomwe nthawi iliyonse lingathawe mapazi a mwini wake n'kubwera pa galasi. Lens wamba ya 18-55mm itaikidwa pa 18mm imakwana. Gwadani basi, kapena gonani chafufumimba. Buluku la kuukwati lisiyeni kunyumba.

Mbali yoimako imadalira mnyamatayo. Ena amatsogoza phazi lamanzere, ena lamanja, ndipo chifuwa chimayang'ana mbali zosiyana. Muoneni akuyenda kamodzi musanaimike chilichonse, kuti mukhale kumene kuli nkhope ndi chifuwa, osati msana. M'chithunzi muonekenso pomwe wanyamukira, chomwe akudumpha, ndi pomwe akukatera. Mukadula masitepe n'kusiya munthu yekha m'malere, palibe angadziwe ngati walumpha njerwa imodzi kapena masitepe asanu, ndipo mwini wake sakuthokozani.

Chovuta chenicheni ndi chala. Ndi fulashi muli ndi mpata umodzi pa kulumpha kulikonse. Inde, pa mphamvu ya 1/16 ena amatha kutsatiza zithunzi ziwiri kapena zitatu, koma kanthawi kamene mukufuna kamakonda kugwera pakati pa ziwirizo. Ndi bwino kuphunzira masewerawo. Ollie, kulumpha ndi thabwa osaligwira ndi manja, imene anaitchukitsa Alan Gelfand ku Florida chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo Rodney Mullen anaibweretsa pamalo athyathyathya, imayamba ndi phokoso: mchira wa thabwa umamenya simenti kuti pha! Musadine pa phokosolo, mudzapeza thabwa litaimirira, munthu asanakwere. Dikirani kaphindi kakang'ono, pamene mawondo apindika kufika pachifuwa ndipo thabwa lagona mofanana. Pa kickflip thabwa limagubuduka kamodzi pansi pa mapazi. Nthawi yabwino ndi pamene latsala pang'ono kumaliza kuzungulira, kapena pamene phazi lakumbuyo laligwira kumene. Khalani kaye osajambula, muzingoona ndi kumvetsera, chala chikudina m'maganizo. Maso onse awiri akhale otsegula kuti muzimuona akubwera asanalowe m'chithunzi.

Mukajambula, musakhutire ndi kachithunzi kakang'ono ka kuseri kwa kamera. Kulitsani mpaka kumapeto, muyang'ane tayala ndi nsonga ya chingwe cha nsapato. Zikakhala zakuthwa, zatheka. Mukaona kamthunzi kopyapyala kakutsatira mkono, kuwala kwa chilengedwe kwachuluka, bwererani ku ISO ndi aperture. Zonse zikakhala zofewa mofanana, ndi focus. Thabwa lokha likachita chimbuuzi kunsonga pamene thupi lili bwino, fulashi ikuyaka nthawi yaitali: tsitsani mphamvu, sendezani pafupi. Muwaonetsenso eni ake, chifukwa amaona zimene inu simuona. "Ankolo, kuwala kuli bho, koma phazi lakumbuyo lachoka, zikuoneka ngati ndikugwa. Tibwereze." Akatero mverani. Pakati pawo palinso lamulo lomwe ndimalitsata: chithunzi cha kulumpha kumene munthu sanatere bwino ngakhale kamodzi tsikulo sichitulutsidwa.

Mukazolowera kuimitsa, yesani kusiya chimbuuzi mwadala. Kukada ndithu, pakhonde pomwe pali mababu a sitolo, tsitsani shutter kufika 1/15 kapena 1/8. Mababuwo adzalemba mizere ya kuyenda kwa munthu, fulashi n'kumuimitsa pamalo amodzi. Fulashi ikayaka poyambirira, monga imachitira nthawi zonse, mizereyo imatsogola, munthu amaoneka ngati akubwerera m'mbuyo. Pitani mu menu musankhe rear curtain, ena amalemba 2nd curtain, kuti iyake shutter itatsala pang'ono kutseka. Apo mizere imatsalira kumbuyo kwake monga diso limayembekezera. Msampha wake ndi wakuti fulashi tsopano ikuchedwa, ndiye muyenera kudina msanga, pafupifupi pa phokoso lija la mchira. Pa shutter ya 1/8 zimafuna kuyesa kambirimbiri. Ine ndimakonda 1/15, ndikutsatira munthuyo ndi kamera, kuti magetsi akumbuyo atambasuke.

Pa fulashi palinso Multi, yomwe imathwanima kangapo pa chithunzi chimodzi, munthu n'kuoneka malo asanu motsatizana. Kuwerengera kwake n'kosavuta: kuthwanima 5 pa 10 Hz, kutanthauza ka 10 pa sekondi, kumafuna shutter ya theka la sekondi. Mphamvu 1/32, kamera pa tripod, kumbuyo kukhale mdima weniweni wopanda khoma pafupi, apo ayi khomalo liwala kasanu n'kuonekera m'thupi mwa munthu. Usiku woti magetsi azima ndiye wake. Koma kuthwanima kotere kumasokoneza maso, ndiye chitani pamalo athyathyathya okha, osati pamasitepe, ndipo muyambe mwamuonetsa mnyamatayo mmene kumakhalira.

Zina ndi zazing'ono koma zimaononga tsiku. Mabatire otchipa a pamsika fulashi imawamaliza musanayambe n'komwe. Pezani otchaja a NiMH, monga Eneloop, magulu awiri pa fulashi iliyonse, ndipo muwatchaje m'mawa magetsi akadalipo. Miyezi yotentha ya October ndi November fulashi ikathwanima motsatizana imatentha n'kuyamba kuchedwa, china chomwe mphamvu ya 1/8 imathandiza. Nthawi ya mwera, kuyambira cha mu May mpaka August, stand yopepuka imagwa. Mangani thumba la mchenga kumiyendo kwake, poti mchenga ndiye sitisowa, ndipo ambulera ya kuukwati isiyeni, fulashi ikhale yosavala. Fumbi ndi tizilombo touluka tikadutsa pafupi ndi lens timatuluka ngati timipira toyera, makamaka fulashi ikakhala pafupi ndi kamera kapena ikuwalira kuchokera kumbuyo. Nyengo ya ngumbi talikiranani ndi mababu, ndipo mukasesa dikirani fumbi likhazikike. White balance, yowongola mitundu, ikani pa chizindikiro cha fulashi kapena cha dzuwa, osati Auto, kuti mtundu usamasinthe chithunzi chilichonse, ndipo jambulani RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona, ngati memory khadi ikulola.

Ambiri mwa anyamatawa ndi ana asukulu. Musanaike chithunzi cha mwana pa Facebook, makolo ake adziwe ndipo avomere. Kufika pakhomo ndi chithunzi chimodzi chotsukidwa kumatsegula nkhani mosavuta. Potumiza kwa eni ake pa WhatsApp, tumizani ngati document. Mukatumiza mwachizolowezi, WhatsApp imachifinya, thambo lamadzulo limachita mabala, ndipo kuthwa kwa matayala komwe munagwadira pasimenti kumatayika.